Mkamwini Amene Anamaliza Ntchito Yake

Loweruka lapitali tinakaika chiliza pamanda a atsibweni anga a Yosofati, kuno ku Mitundu, patatha chaka chiwaikire m'manda. Abusa anati malemu anali munthu wofatsa. Mkulu wina wa mpingo anawonjezera kuti anali wokonda kucheza ndi anthu. Ine ndinaweramitsa mutu n'kudziphimba ndi chitenje, anthu n'kumayesa ndikulira, chonsecho ndinkalimbana ndi phwete. Wofatsa ndani? Atsibweni anali munthu wotopetsa kuposa aliyense amene ndinakhalapo naye, ndipo ine ndaphunzitsa ana a Sitandade Wani zaka zambiri, kutopetsa ndimakudziwa.

Ndinkawakonda, izo ndisabise. Koma mpaka lero ndikawakumbukira umayamba kubwera ndi mkwiyo, chisoni n'kumatsatira pambuyo. Anali ndi nyumba yabwino ku Nathenje, m'nyumbamo munali chipinda chimene ankachikonda kuposa chakudya, ndipo anthu anali atawakonzera njira yoti akhalemo mpaka imfa. Anadzichotsamo okha ndi pakamwa pawo, ine ndikuona.

Mawu akuti "pafupifupi" ankadana nawo ngati matenda. Ukawauza kuti ndifika cha m'ma folo, ankafunsa kuti "cha m'ma" ndi nthawi yanji. Kondakitala wa minibasi akakuwa kuti yadzaza, tikunyamuka pompano, atsibweni ankamuitana n'kuyamba kumulozera mipando yopanda anthu umodziumodzi. Makondakitala a pa Mitundu anafika powadziwa, moti akaona chipewa chawo cha khaki chikubwera ankangotembenukira kumbali ngati aona apongozi. Tsiku lina kutchalitchi anakwera pabenchi ulaliki uli mkati kuti akonze wotchi ya pakhoma, ati inkatsalira. Ankakonda kunena kuti dziko lathu silinasauke chifukwa cha mvula, koma chifukwa choti timayeza zinthu ndi maso n'kukhutira. Ankanena zimenezi paukwati, pamaliro, ngakhale kwa mayi wogulitsa tomato.

Anachoka kuno ali mnyamata, amayi anga, omwe ndi mlongo wawo, asanakwatiwe n'komwe. Anapita kunja kukaphunzira sayansi ya kuwala ndipo anakhalitsa komweko, akugwira ntchito m'zipinda zopanda mawindo. Akazi awo, azakhali a Nambewe, anali namwino wa ku Nathenje. Anawatsatira kunjako n'kukapirira nawo chisanu. Mwana sanakhale naye. Atapuma pantchito, azakhali ndi amene anati basi, ine ndikufuna ndikakalambire kwathu. Atsibweni, amene sankagonjera munthu aliyense, kwa mayi ameneyu ankagonja msangamsanga. Anakamanga ku Nathenje pamalo a banja la akazi awo, n'kukhala mkamwini tsitsi litayera kale.

Anzawo akamabwerako kunja amabwera ndi galimoto, mafiriji ndi masofa. Athuwa anabwera ndi mabokosi a zipangizo zakale zimene kuntchito kwawo anali atasiya kuzigwiritsa ntchito. Chipinda cha kumbuyo anachipaka penti wakuda m'mawindo, ming'alu ya chitseko n'kutseka ndi nsanza. Pakati pake anamangitsa tebulo la simenti lokhala ndi maziko akeake, okuya, osakhudzana ndi pansi pa nyumba, kuti munthu akamayenda lisamagwedezeke. Amisiri anaseka mpaka kugwira m'mimba, ati chiyambire kumanga sanakumbirepo tebulo maziko. Atsibweni anawagumulitsa kawiri chifukwa pamwamba pake panali popendekera.

Tsiku loyamba kundilowetsa m'chipindamo anandivulitsa nsapato, kundimangitsa duku mwamphamvu kuti tsitsi lisagwe, n'kundiuza kuti ndizipumira kumbali. Patebulo panali timagalasi, timabokosi, mawaya, ndi makina ena okhala ngati kawailesi kakanema.

"Nabanda, ukuona chiyani apa?" anandifunsa, akuloza mpata wopanda kanthu pakati pa timagalasi tiwiri.

"Palibe, atsibweni."

"Wayankha bwino. Kuwala kwake sikuoneka ndi maso."

Anatenga kakadi n'kukaika pampatapo, ndipo pakadipo panaoneka kadontho kowala. Anati nyali yawoyo, imene ankaitchula kuti leyiza, imatulutsa kuwala kwa mtundu umodzi wokha, kosasakanikira. Kenako anandilozera kabokosi kotalika ngati chala. M'katimo munali kamwala kapadera, ndipo kuwala kunkadutsa m'menemo.

"Kamwala aka ndimakagwedeza ndi magetsi, mothamanga kwambiri, kambirimbiri diso lisanaphethire," anatero. Kenako anadzidzudzula okha. "Ayi, ndanama. Sikagwedezeka ngati nthambi. Chimene magetsi amasintha ndi liwiro la kuwala m'kati mwake, uku akukufulumizitsa, uku akukuchedwetsa. Zikatero mtundu umodzi uja umabala ina, kumanja ndi kumanzere, yonse yotalikirana mofanana ndendende. Taona pagalasipo."

Pagalasi la makina aja panali timizere toimirira, tondondozana bwinobwino ngati mano a chipeso. Iwonso ankachitchula choncho, chipeso cha kuwala. Koma timizereto tinali tochepa, tounjikana pakati, uku ndi uku kuli mbee.

Apo ndi pamene panagona ntchito yawo yonse. Anati chipeso cha mano ochepa chilibe phindu. Ankafuna kuwalako akuwonjezere mphamvu, akupanikize kuti kuzituluka mothwanima kwakanthawi kochepetsetsa, kenako akulowetse mu ulusi wagalasi wowonda ngati tsitsi, umene unali wokulungidwa pachigudumu chaching'ono. Kuwala kwamphamvu kukapanikizika mu ulusi wotere, mitundu ija imasakanikirana n'kubala ina, inayo n'kubalanso ina, mpata wake osasintha, mpaka mano kudzaza galasi lonse. Ankati pamenepo chipeso chatambasuka.

"Ndiye chikatambasuka mupesa nacho ndani?" ndinafunsa.

Anandiyang'ana ngati ndatukwana m'tchalitchi. Anati chimenecho ndi choyezera, monga rula ya ana anga kusukulu, koma choyezera kuwala. Mawotchi olondola kwambiri padziko amadalira chimenecho, mauthenga a pafoni odutsa m'mawaya agalasi pansi pa msewu angachuluke ndi chimenecho, ngakhale mpweya woipa m'mlengalenga umadziwika ndi chimenecho. Ndinati ngati n'chofunika choncho, kunjako sanachipange kale? Anati anapanga kalekale, ndipo iwo anali nawo m'gulu lopanga. Chimene ankafuna n'choti chitambasuke kuno, padothi la ku Nathenje, ndi manja awo. Ndinangoti chabwino, n'kukavala nsapato zanga.

Chipesocho chinkakana. Kafumbi kamodzi kakagwera pansonga ya ulusi, nsongayo inkapsa. Malata akatentha masana, timagalasi tinkasuntha pang'ono n'kuphonya kamwa la ulusi. Chinthu chikagunda pansi panja, timizere tinkanjenjemera ngakhale tebulo linali ndi maziko. Atsibweni sanaone kuti vuto ndi loti chinthu chotere achiika pakati pa mudzi. Anaona kuti vuto ndi mudziwo.

Anayamba ndi mtondo. Amayi a pabanjapo anauzidwa kuti azikasinjira kutali, kuseri kwa nkhokwe za a Gelesomu, mchimwene wa azakhali. Wosesa pabwalo ankayenera kuwaza madzi kaye, m'dziko loti madziwo amachokera kumjigo pamutu. Ngolo ya ng'ombe anaikhotetsera njira ina. Mwana wa mnansi atakwatiwa, atsibweni anapita masana dzuwa likuswa mtengo n'kukazula waya wa zokuzira mawu anthu ali mkati movina, ati mabesi akugwedeza timagalasi. Kumaliro ankafika mochedwa n'kuchoka msanga, ndipo kamodzi anauza adzukulu kuti manda akumbawo ndi okhota. Adzukulu anawapatsa khasu kuti awongole okha, ndipo chokwiyitsa n'choti anavula jekete n'kulowamo.

Azakhali ndi amene ankayenda pambuyo pawo kukolopa zonsezi. Atsibweni akakhumudwitsa munthu m'mawa, madzulo azakhali ankapezeka pakhomo la munthuyo ndi kapaketi ka shuga, akuseka, akuti awo musawamvere, mutu wawo unatsala kunja. Zilonda za mudzi wonse ankatsuka ndi iwo, ndipo mwana akatentha thupi anthu ankayamba kugogoda kwa iwo asanaganize za chipatala. Ndinawafunsapo kuti amatha bwanji kukhala ndi munthu wotere. Anati munthu amene sangathe kunamiza ngakhale kondakitala sangakunamize iwe, ndiye zina zonsezo n'zongopirira. Anthu a ku Nathenje ankawapirira atsibweni chifukwa cha mayi ameneyu, ndipo aliyense ankadziwa zimenezi kupatula eni akewo.

Azakhali anadwala nthawi ya dzinja, matenda othamanga magazi, ndipo sanagonere nthawi yaitali. Pamaliro awo atsibweni sanakonze munthu aliyense. Nyimbo inayambidwa mokwera kwambiri, mwambo unachedwa, wolengeza analakwitsa dzina la dziko limene anakhalako, iwo ali chete, chipewa chili m'manja. Ine ndinachita mantha kuwaona choncho, ndipo ndinalira kwambiri chifukwa cha iwo kuposa chifukwa cha malemu.

Patapita miyezi, abale a azakhali anaitana mbali yathu kuti tikambirane zosudzula mkamwini. Mkazi akamwalira, mwamuna amene anadzakhala kwawo kwa mkaziyo amamasulidwa kuti abwerere kwawo, makamaka ngati sanasiyepo ana. Masiku ano mabanja ambiri amangomusiya munthu akakhala kuti ankakhala bwino ndi anthu. Ine ndinapita m'malo mwa amayi, miyendo yawo inali itayamba kale kuvuta, ndipo njira yonse ndinkawerenga m'mutu anthu amene atsibweni anawalakwira. Ndinafika ku Nathenje ndisanamalize.

Amene anayankhula mosapsatira anali a Felesiya, mng'ono wa azakhali.

"Alamu athuwa tawapirira mokwanira," anatero. "Mwana pano sanasiyepo. Mwana wanga Esinati akugona ndi ana ake m'kanyumba kodontha, pamene nyumba yonseyi mukukhala munthu mmodzi ndi mawaya. Malo ndi athu. Tikunama?"

Sankanama. Ndinafuna kuwada koma ndinalephera. Onse anayang'ana a Gelesomu, mwini mbumba, mlimi wa fodya woyankhula pang'onopang'ono ngati mawu amagula. Anakanda chibwano nthawi yaitali. Kenako anati alamu anayamba ntchito yawo mlongo wathu ali moyo, ndipo mlongo wathuyo ankailemekeza, choncho akhale mpaka ntchitoyo ithe. Ikadzatha tidzawasudzula mwaulemu, nyumba n'kupita kwa Esinati. A Felesiya anang'ung'udza koma anavomera pamaso pa anthu.

Anthu atabalalika, a Gelesomu anatikokera ine ndi atsibweni kuseri kwa chigafa chawo cha fodya.

"Alamu, ndinene mosabisa," anatero. "Ine sindikufuna kuti muchoke. Mlongo wanga anandigwira dzanja m'chipatala n'kundiuza kuti ndisakutayeni. Koma mbumba ndi yambiri, sindingaikanize zake. Ndiye zili chonchi. Palibe amene adzalowe m'chipinda chanucho kukaona. Chitheke, chisatheke, inu musadzanene kanthu. Esinati ndimufolerera ndekha kanyumba kake. Mwandimva?"

"Ndamva," anatero atsibweni.

"Mwavomera?"

"Ndati ndamva."

A Gelesomu anandiyang'ana, ine n'kuyang'ana pansi.

Kuyambira pamenepo ndinasanduka mdani wa chipeso chija. Mwezi ukatha ndinkapita ku Nathenje kukawachapira ndi kukawaona, ndipo m'njira ndinkapemphera kuti fumbi lichuluke, malata atenthe, magetsi azithima. Ndikafika n'kufunsa kuti zikuyenda bwanji, ankati chakananso, nsonga yapsa. Ndinkati pepani atsibweni, mumtima ndikuvina. Tsiku lina anandiyang'anitsitsa n'kunena kuti pepani wangayo akutuluka ndi mano onse panja. Ndinawakumbutsa mawu a a Gelesomu kangapo konse, mofatsa, mokalipa, mpaka mowopseza kuti kwathu kulibe malo. Ankangoti nkhani imeneyo tidzaiona ikadzafika, panopa ndigwirire tochi.

Zinatenga zaka. Anaonda, maso anayamba kuchita nkhungu, manja kunjenjemera, moti kulowetsa kuwala mu ulusi kunkawatengera m'mawa wonse. Ine mtima unakhala pansi. Ndinkati ukalamba uwapeza chipeso chisanatheke, adzafera m'nyumba ya akazi awo, nkhani n'kuthera pomwepo.

Foni inalira m'mawa wina wa mwezi wa Juni, kukuzizira, ana atangotuluka kukapuma.

"Nabanda, chatambasuka."

Kalasi ndinasiyira mnzanga, n'kukwera njinga yamoto kudzera njira yafumbi ya m'midzi. Ndinawapeza ataima pakhomo la chipinda, jekete atavala mopotoza mabatani. Anati vuto silinali fumbi lokha. Ulusi wina wamba, umene kuwala kunkadutsamo kusanafike mu ulusi wapadera uja, unali wautali mopitirira, ndiye kuwalako kunkafika kutamwazika, kopanda mphamvu. Miyezi yonse ija ankaudula pang'onopang'ono, kuyesa, kudulanso. M'mawa umenewo, malata asanatenthe, anafika pautali woyenera.

Ndinayang'ana pagalasi. Timizere tija tinali titadzaza kuchokera kumapeto mpaka kumapeto, tothithikana, tondondozana, popanda pojomba. Sindidziwa sayansi, koma chinali chokongola. Atsibweni misozi inkatsika osaipukuta. Ananditchula dzina la azakhali molakwitsa, kenako n'kudzikonza. Ndinawakumbatira, ndipo mapemphero anga onse oipa aja ndinawaiwala.

Kenako anati atuma kale uthenga kuti a Gelesomu ndi a Felesiya abwere.

"Atsibweni, zimitsani. Ndaona ine, Mulungu waona, basi zakwana."

"Chinthu chimene wapeza n'kuchibisa sunachipeze."

"Ndiye auzeni anzanu akunja pafoni! Ajambulireni chithunzi!"

"Ndiwauza. Koma amene ndinapangana nawo ndi awa. Anati ndikhale mpaka ntchito ithe. Yatha."

"A Gelesomu anakuuzani kuti musanene. Ndinalipo ine kuchigafa kuja."

"A Gelesomu ndi munthu wabwino. Koma anandipempha kuti ndizikhala m'nyumba ya mkazi wanga ngati wakuba. A Felesiya akamadutsa apa n'kundifunsa kuti alamu ntchito ikuyenda bwanji, ndiziti chiyani?"

"Muziti ikuyenda!"

"Siikuyenda. Yafika."

Ndinagwada, ine mayi wamkulu, pasimenti yozizira. Ndinawauza kuti kwathu ku Mitundu nyumba ili kuseri kwa msika, pafupi ndi chigayo, kapu ya tiyi imayenda yokha patebulo. Ndinawauza kuti tebulo lawoli silinganyamulike, ndipo akachoka pano chipeso sadzachionanso. Anati zonsezo akuzidziwa kuposa ine. Ndinaganiza zokankha kagalasi kamodzi ndi chigongono kuti zonse zibalalike, ndipo iwo anaona m'maso mwanga, n'kuima pakati pa ine ndi tebulo.

A Gelesomu anafika ndi a Felesiya, onse n'kuvula nsapato pakhomo monga mwa lamulo la m'chipindamo. A Gelesomu atangoona nkhope yanga anadziwa. Anawerama pagalasi n'kutsinzinira.

"Ine maso anga ndi okalamba, alamu, sindikuonapo kanthu. Kapena sichinathe bwino?"

"Chatha."

"Taonetsetsani. Dzino ili lakumapetoli likuoneka lalifupi."

"Limayenera kutero. Akumapeto amafupika."

"Komabe zinthu zotere pamafunika kubwereza. Chaka chamawa nthawi yozizira ngati ino mudzayesenso, tidzaone."

"Ndabwereza kale m'mawa uno. Ndazimitsa, ndayatsa, chabweranso chimodzimodzi."

Munthu wamkulu anawatsegulira khomo lililonse limene akanatha, iwo n'kumatseka limodzilimodzi, mwaulemu, ngati akumuthandiza. A Felesiya nthawi yonseyi ankangoyang'ana galasi, manja ali m'chiuno.

"Ndiye ndi zimenezi?" anafunsa. "Timizere iti ndi timene tinasiyira kusinja pakhomo?"

"Ndi timeneti, alamu. Ndipo ndikuthokoza, munathandiza."

"Ntchito yatha?"

"Yatha."

A Felesiya sanasangalale monga ndinkayembekezera. Anangoti chabwino, mwanena nokha, n'kutuluka. A Gelesomu anapukusa mutu n'kutuluka. Anayenda mpaka kwawo osavala nsapato, ataziiwala pakhomo, ndipo ndinachita kuwapititsira ndine.

Mawu anali atanenedwa pamaso pa mbumba, ndiye panalibe wowabweza. Anawasudzula mwaulemu monga analonjezera, mvula isanagwe. Atsibweni anamasula timagalasi tawo okha, kalikonse n'kukakulunga m'kansalu kake, osalola munthu kuthandiza. Lole inabwera, tinakweza mabokosi, bedi ndi mpando umodzi. Woyendetsa anati tifika ku Mitundu posachedwa, ndipo atsibweni, ali ndi zonse zimene zinkawachitikirazo, anamufunsa kuti posachedwa ndi nthawi yanji.

Kwathu anakhala madzinja awiri. Mabokosi sanawatsegule. Ankakhala pakhonde kuyang'ana anthu opita kumsika, akudandaula za chigayo, za wailesi ya aneba, za mchere wanga umene ati ndinkathira mongoyerekeza. Ana a m'kalasi mwanga akabwera kudzandithandiza kunyamula mabuku, ankawafunsa masamu mpaka anawo anasiya kubwera. Ndinkawaphikira ndikuwakalipira, iwo n'kumadya akundikonza. Koma chimene chinkandipweteka chinali kuwaona m'mawa wozizira, atadzuka molawirira monga ankachitira ku Nathenje, atavala jekete, alibe kolowera.

Tsiku lina zinandikwana. Ndinaika mbale pansi n'kuwauza kuti njira ilipo. Apite kwa a Gelesomu akanene kuti panali polakwika, chipeso chija sichinali chenicheni, ayenera kuyambiranso. Asayansi amalakwitsa, iwo omwe ankanena choncho. A Gelesomu akanalandira ndi manja awiri, ndipo chipinda chimodzi chokha Esinati sakanakaniza.

Anayang'ana kumsewu.

"Ukuyesa sindinafufuze?" anatero. "Ndikakhala pano tsiku lonse ukuyesa ndimaganiza chiyani? Ndabwerera m'mutu mwanga pa chilichonse, kuyambira panyali mpaka pagalasi. Ndimati mwina makina ananama, mwina kuwala kwina kunalowerera, mwina ndinawerenga molakwa. Ndalifuna vutolo kuposa mmene ukulifunira iwe, Nabanda."

"Ndiye?"

"Palibe. Chinali cholondola."

Ananena zimenezi ngati munthu amene wamva uthenga wa maliro. Ndinalowa kukhitchini n'kukalira, mokwiya, ndikumenyetsa ziwiya kuti asamve. Sindinaitchulenso nkhaniyo. Anamwalira masana ena ali pampando wawo pakhonde, ine ndili kusukulu, ndipo mayi wogulitsa mandasi ndi amene anazindikira, ati anadabwa kuti wadutsa kawiri osamufunsa chifukwa chimene mandasi ake sali ofanana kukula.

Pachiliza paja a Gelesomu anabwera, atakalamba kwambiri, akuyendera ndodo. Mwambo utatha anandipempha kuti ndikawachezere ku Nathenje, ndipo ndinapita mawa lake titaweruka kutchalitchi. Ndinali ndisanapondeko chichokere lole ija. M'nyumba muja tsopano mukukhala Esinati. Pakhonde pali matumba a chimanga, pabalaza ana akulimbirana foni, ndipo m'khonde la m'kati munali mphasa zoyalidwa pansi, zoonetsa kuti ana ena amagona pomwepo chifukwa zipinda sizikwanira. Komabe chitseko cha chipinda cha kumbuyo chinali chokhoma ndi loko. A Gelesomu anapisa m'thumba la jekete n'kutulutsa kiyi.

"Nyumba ndinapereka, koma muno ndinakaniza," anatero akulimbana ndi loko wadzimbiri. "A Felesiya anandinena mpaka kutopa. Ine ndinkati mwina tsiku lina alamu adzatulukira n'kunena kuti panali polakwika, ndikufuna ndibwereze. Ndinkati adzapeze malo awo ali chomwecho. Anthu asukulu salakwitsa kodi?"

Ndinati amalakwitsa, koma awa sanalakwitse.

M'chipindamo munkanunkha chinyezi. Penti wa m'mawindo wayamba kusupuka, ndipo dzuwa limalowa m'timabowo n'kugwera pansi timadontho. Pakhoma pali mabanga oyererako pamene panatsamira mashelefu, ndi misomali yopanda chopachikapo. Mavu amanga chisa pakona ya denga. Tebulo lili pakati, lopanda kanthu, ndipo pamwamba pake pakuonekabe timizere ta pensulo tosonyeza pamene kagalasi kalikonse kankakhala, kalikonse ndi nambala yake. Kumbali kuli kampando kopanda chotsamira kamene tinakaiwala tsiku losamuka, kakuyang'ana kutebulo.

Tonse tinayang'ana kampandoko. Kenako a Gelesomu anapuma mozama n'kunena kuti basi, chiliza chaikidwa, amuuza Esinati kuti ana azigona muno. Ndinati ndi bwino, ana akuvutika.

Potuluka anakoka chitseko, anakhomanso loko, kiyi n'kubwezera m'thumba.